Ankhoswe Anafulumira

Pemiti yanga yokhalira ku Canada inali kutha kumapeto kwa Novembala. Ndiyambe ndi chimenecho, chifukwa masiku amenewo panalibe china chimene ndinkaganiza, kaya ndili m'basi, kaya ndikutsuka mano.

Ndine Naomi, kwathu ndi kwa Kamwendo ku Mchinji. Ku Canada ndinabwera pa pologalamu ya mpingo yosinthana achinyamata. Mpingo wathu umatumiza mmodzi kuno, mpingo wa kuno umatumiza wawo kwathu, chaka chimodzi basi. Ine anandiika ku Markham, pafupi ndi Toronto, panyumba yosamalira okalamba ya mpingo womwewo. Chaka chikatha umabwerera kukathandiza amene anakutuma. Ndinalonjeza zimenezi nditagwada kutsogolo kwa tchalitchi, Abusa a Chikadza atandisanjika manja.

Lolemba lina mu Okotobala bwana wanga anandiitana mu ofesi. Dzina lawo ndi Mayi Lewis, mayi wamtali wa ku Jamaica, wosaseka mwachisawawa.

"Tseka chitseko," anatero m'Chingerezi. "Ukufuna kubwerera kwanu?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndamva yankho. Ife tikukufuna. Chilolezo cha boma cholembera munthu wakunja tili nacho. Chatsala n'choti komiti ya nyumba ino isaine kuti malowo ndi ako, kenako uapulaye pemiti ya ntchito. Ukaapulaya yakaleyi isanathe, umaloledwa kukhala uku ukudikira yankho. Ikatha usanaapulaye, nyamula chikwama."

"Komitiyo ikumana liti, mayi?"

"M'kati mwa Novembala. Koma tamvera. M'komitimo muli a Michael, mkulu wa pologalamu imene inakubweretsa. Akamvera kwina kuti sukubwerera, atseka njira. Ndisiyire ndiwauze ndekha, ndikudziwa powagwira. Iwe pakamwa tseka."

Ndinatsekadi. Ngakhale amayi anga sindinawauze. Ndinauza munthu mmodzi yekha.

* * *

Howard ndi wa ku Chipata, ku Zambia. Amagwira ntchito ya makompyuta ku Markham komweko, ndipo mapepala ake a kuno ndi okhazikika. Tinadziwana pamaliro a m'bale wina wa mu mpingo, iye akunyamula mipando, ine ndikugawa tiyi. Atamva kuti kwathu ndi ku Mchinji anaseka, ati ndife a mudzi umodzi, anangotidula ndi bodala ya Mwami.

Tsiku limene Mayi Lewis anandiitana lija, Howard anabwera kudzanditenga nditaweruka. Tinakhala m'galimoto panja pa kashopu ka khofi, hita ikulira, mphepo ikuthothola masamba.

"Manje vuto ili kuti?" anatero. "Tiyeni ku holo ya mzinda, tisaine ukwati, nikusponsa ngati mkazi wanga. Komiti isaine, isasaine, ni zawo."

"Ayi, a Howard."

"Ayi ya chani? Sunikonda?"

"Musandifunse zachibwana. Mukudziwa zimene achemwali anu amanena."

"Mathilda akamba za aliyense. Anakambapo za wansembe."

"Ati ine ndinabwera kudzasaka pasipoti ya mwamuna. Ndikasaina nanu pemiti ikutha, ndiye kuti ananena zoona. Ndidzakhala m'banja mwanu zaka zonse akundiyang'ana ngati katundu wolowa pa njira yachidule."

"Ni ine nikukwatira, osati Mathilda."

"Mukunama. Kwathu ndi kwanu n'chimodzimodzi, munthu amakwatiwa ndi mtundu wonse. Ndipeze kaye pemiti yanga, ya thukuta langa. Pamenepo mukandifuna, aliyense adzaona kuti mukufuna ine."

Anazunguza kapu yake ya khofi. Kenako anandiyang'ana cham'mbali, kumwetulira kuja kumene kumandisokoneza.

"Chabwino. Koma niuze chintu chimodzi. Munthu akafuna kukagogoda kwanu, agogoda kwa ndani?"

Mtsikana akatchula dzina la malume ake kwa mwamuna, ndiye kuti wavomera. Palibenso china chowonjezera.

"Kwa malume a Given," ndinatero chapansipansi. "Ali ndi chigayo pa Kamwendo, pafupi ndi msika."

"A Given a chigayo."

"Koma mudikire, a Howard. Pemiti ituluke kaye. Mwamva?"

"Namva, mayi wa nyumba."

Ndinam'menya paphewa. Tinaseka. Ndikanadziwa, ndikanam'bwerezera mawu amenewo mpaka atalumbira.

* * *

Loweruka lotsatira kunali phwando la ufulu wa Zambia mu holo ina ku North York, m'Toronto momwemo. A Malawi timaitanidwa chaka chilichonse, nawonso amabwera pa lathu mu Julayi. Ndinaphika zitumbuwa, ndinakwera sabuweyi, sitima ya pansi pa nthaka, mpaka pa siteshoni ya Finch nditafungatira beseni.

Patebulo la zakudya ndinapezapo anthu awiri amene sindinkafuna kuwapeza. A Mathilda, achemwali ake aakulu a Howard, amene anam'lera makolo awo atamwalira. Pambali pawo panali Natalie, namwino wa ku Lusaka, woimba kwaya pa mpingo wathu wa kuno. Aliyense ankadziwa kuti a Mathilda anasankhira m'bale wawo Natalie kalekale.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" ndinapereka moni nditapinda bondo.

"Taswera," anatero a Mathilda, maso ali pa chikanda chimene ankadula.

Natalie anatsegula beseni langa. "Ba Naomi! Vitumbuwa! Tidye manje, chaka cha mailo, chibwera ichi, sitizavionanso. Mwayamba kulonga katundu? Namvela ati ma ekisichenji mubwelela Novembala."

"Zikadali m'manja mwa Mulungu."

"Mwa Mulungu olo mwa ba Howard?"

Amayi awiri amene anali pafupi anaseka, kenako ananamizira kutsokomola. A Mathilda anaika mpeni pansi.

"Tamvera, mtsikana iwe. Ine sindidana nawe. Uli ndi ulemu, ndaona. Koma ndaonanso ambiri. Chikondi chimene chimatentha viza ikamatha, chimazizira khadi yokhalira kuno ikafika. M'bale wanga si ofesi ya imigireshoni."

"Sindinam'pemphe kanthu, achemwali."

"Ochenjera sapempha. Kwanu akumudziwa? Alipo wamkulu amene anakhalapo pansi kukamba za inu? Palibe. N'za m'galimoto chabe."

Sindinaone kuti Howard waima kumbuyo kwanga ndi mbale m'manja.

"Ba sisi, mwati za m'galimoto?"

"Ndati zimene ndaona."

"Chabwino. Muzaona vina."

Anandigwira dzanja anthu onse akuona, tinachokapo. Ine ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, upita.

* * *

Panadutsa sabata. Lamlungu masana, nditangofika kuchokera ku tchalitchi, foni inalira kambirimbiri. Anali mauthenga a pa WhatsApp ochokera kumudzi. Woyamba unali wa Mphatso, mng'ono wanga: "Asisi, mumabisa chonchi? Taonani amayi lero!" Pansi pake panali vidiyo.

Ndinaitsegula nditaimirira, jekete ndisanavule.

Munali m'tchalitchi mwathu kwa Kamwendo, nthawi ya chiyamiko. Amayi anaimirira kutsogolo atavala yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi, bulauzi yoyera yositidwa bwino, lichero la mtedza lili pamutu. Analitula patebulo, natenga maikolofoni.

"Abale, ndabwera kudzayamika. Lachisanu kunafika alendo ochokera ku Chipata, kudzagogoda kwa achimwene anga a Given. Mwana wanga Naomi, amene munam'tuma ku Canada, wapeza banja!"

Nthungululu zinalira tchalitchi chonse.

"Si zokhazo! Alendowo atiuza kuti wapezanso ntchito yeniyeni, ya malipiro. Azungu am'konda, akuti asabwerenso, akhale komweko. Ine mkazi wamasiye, ndine yani kuti Mulungu andikumbuke chotere?"

Anayamba kuvina, amayi anzawo anadzuka kuwazungulira. Wojambula anatembenuza foni pang'ono, ndipo kumbuyo ndinaona Abusa a Chikadza atakhala pampando wawo. Sankaomba m'manja. Anavula magalasi, nayamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

Ndinakhala pansi penipeni, pakhomo.

Ndinaimbira amayi. Anayankha akuseka, kumbuyo kukumveka anthu.

"Mwana wanga! Iwe, chinsinsi chonsechi? Ndimve kwa alendo?"

"Amayi, anabwera ndani?"

"A William, malume ake a mnyamatayo. Munthu waulemu bwanji! Anagwada pakhomo la chigayo, ufa uli mbuu m'mawondo. Malume ako anawafunsa kuti, nanga mwanayu sakubwera mwezi uno? Banja lidzakhala bwanji, wina uku wina uko? Ndiye iwo anati musadandaule, zonse zakonzeka, bwana wake wam'lonjeza ntchito."

"Ndiye inu mwakanena m'tchalitchi?"

"Nanga ndikanayamika kuti, kumsika? Chalakwika n'chiyani, Naomi? Mawu akowo bwanji?"

Ndikanawauza chiyani? Amayi sanalakwe. Chabwino chikagwa pakhomo, kwathu timakachitula m'tchalitchi.

"Palibe, amayi. Ndatopa chabe."

* * *

Howard anafika pasanathe ola, ali ndi maluwa a m'sitolo, nkhope ikuwala. Sindinam'lowetse m'nyumba. Tinaima m'khonde, mphepo ikulowa pansi pa chitseko.

"Waiona vidiyo? Amayi avina bwino, iwe!"

"Ndinati mudikire."

Kumwetulira kunatha. "Naomi, tamvera. Nitachoka ku phwando kuja ninatumira malume foni. Ninati konzekani, mu Disembala mukagogode kwa Kamwendo. Mu Disembala! Manje iwo anali na ulendo wokagula soya ku Mchinji. Ati nipitirenji kawiri pa bodala, transipoti yadula. Aniuza atapita kale."

"Za ntchito anazidziwa bwanji?"

Anayang'ana maluwa.

"Ndikufunsa, a Howard."

"Nkhoswe sapita chimanjamanja. Afunika kudziwa zonse, kuti akafunsidwa asachite manyazi. Ninawauza kuti ni chinsinsi."

"Chinsinsi kwa nkhoswe? Ntchito ya nkhoswe n'kulankhula! Iwe Howard, iwe!"

Aka kanali koyamba kum'tchula iwe. Anadzidzimuka ngati ndam'thira madzi.

"Ni ku Mchinji, Naomi. Kutali. A Michael azamvera kuti za kwa Kamwendo?"

"Abusa ali ndi nambala yawo. Amalankhulana mwezi uliwonse."

"Abusa ni munthu wamkulu, azayamba wakufunsa iwe. Tili na nthawi. Mailo m'mawa upite kwa Mayi Lewis, uwauze, athamange."

Zinamveka zanzeru. Kenako foni yanga inalira m'thumba. Unali uthenga wa Natalie, munthu amene sanandilemberepo chiyambire.

"Ba Naomi, mwachita bwino! Naona vidiyo pa gulupu. Natumizirako ba Michael kuti nawo asangalale, pakuti ndiwo anakuletani. Mulungu ni wabwino."

Ndinam'patsa Howard foni. Anawerenga kawiri.

"Pa gulupu iti?" ndinafunsa. "Vidiyo ya kwa Kamwendo yafika bwanji pa gulupu ya a Zambia a ku Toronto?"

Anapukuta kumaso ndi dzanja.

"Malume ananitumizira. Ine ninatumizira Mathilda."

"Chifukwa?"

"Anati n'za m'galimoto! Ninafuna aone kuti akulu akhala pansi. Ninafuna akupatse ulemu, Naomi. Sininaganize kuti azaiponya pa gulupu."

"Munafuna kupambana mkangano ndi achemwali anu."

"Si choncho."

"Mwapambana. Pitani."

Anaika maluwa pamwamba pa shelefu ya nsapato, natuluka. Ndinamva galimoto ikulira nthawi yaitali isanachoke.

* * *

Lolemba sindinadye. M'basi ya ku Markham ndinkangobwereza mawu oti ndikanene, koma aliwonse ankamveka ngati bodza. Nditafika, mnzanga wa pa shifiti anandinong'oneza kuti akundidikira mu ofesi.

Munali Mayi Lewis ndi a Michael. A Michael ndi mzungu wachikulire amene anakhalako ku Malawi zaka zingapo ali mnyamata. Chichewa amachidziwa cha moni ndi cha m'nyimbo za m'tchalitchi.

"Muli bwanji, achemwali?" anatero, koma osamwetulira monga mwa masiku onse. Zotsalazo analankhula m'Chingerezi. "Ndaona amayi ako akuvina. Chichewa changa n'chochepa, koma mawu oti asabwerenso ndawamva."

"Pepani, bambo. Sindinafune kuti mumve chonchi."

"Unafuna ndimve bwanji?"

Mayi Lewis analowererapo. "Ndine ndinamuuza kuti akhale chete. Ngati pali wolakwa, yambani ndi ine."

"Tikambirana zimenezo patokha," anatero a Michael. Anatembenukira kwa ine. "Naomi, ndilibe nawe chifukwa. Agogo a pano amakukonda, ndikudziwa. Koma pologalamuyi imayenda pa chikhulupiriro. Tikakusunga mwakachetechete, mpingo wa kwanu udzati timaba ana awo. Ndipo chaka chamawa pali mtsikana wina wa kwanu komweko amene akudikira kubwera. Ndikapita kukam'pemphera viza, adzandifunsa kuti womaliza uja anabwerera?"

A Michael anapitiriza.

"Ndalankhula ndi Abusa a Chikadza m'mawa uno. Komiti singasaine pokhapokha iwo atakumasula pa lonjezo lako."

"Ndiwaimbira lero lomwe," ndinatero msanga. "Ndiwapepesa. Ndiwafotokozera zonse."

"Ndinawapempha zimenezo. Akana. Mawu awo ndi akuti, mwana amene tinam'tuma atagwada pamaso pa mpingo, tidzam'masula atagwadanso pamaso pa mpingo. Osati pa foni, osati pa vidiyo. Ubwere, uime kutsogolo, unene wekha. Akuti mpingo unamva kwa amayi ako zimene unayenera kunena iwe, ndipo zawapweteka."

Ndinayang'ana Mayi Lewis. Anapukusa mutu pang'ono.

"Ndikuuze zoona zake," anatero. "Viza yako yolowera kuno ikuthera limodzi ndi pemiti. Ukapita pano, nthawi yoti upite, ukagwade, ubwerere, komiti ikumane, iwe n'kuapulaya, palibe. Udzaapulayira kwanu, ndipo palibe amene angakuuze kuti yankho lidzatenga miyezi ingati. Ine nyengo yozizira ikubwera, antchito akudwala, agogo akudwala. Malo sindingawasunge opanda munthu mpaka chaka chamawa."

"Ndiye ndikapita ntchito yatha. Ndikakhala, komiti sisaina."



"Ndiyesanso kulankhula nawo," anatero a Michael akudzuka. "Koma abusa ako ukuwadziwa kuposa ine."

Ndinkawadziwadi. Anakanapo kudalitsa ukwati wa mwana wawo yemwe chifukwa chinkhoswe chinachitika iwo asanauzidwe.

* * *

Nditaweruka ndinapeza a Mathilda ataima pageti, atavala chikhoti chachitali. Sindinayembekezere.

"Howard sanapite ku ntchito," anatero osapereka moni. "Wangokhala. Akuti ndakuwonongera."

"Zachitika, achemwali."

"Vidiyo ndinaiponya pa gulupu, inde. Ndinkafuna anthu aone kuti m'bale wanga wachita zinthu mwa mwambo, asamanene kuti watola mkazi pamsewu. Za Natalie sindinam'tume."

Anakhala ngati akufuna kunena zina, koma anameza. Kenako nkhope inaumanso.

"Koma ndikuuziretu. Howard abwera ndi nzeru yake ya ku holo ya mzinda. Ukavomera, ndidziwa kuti ndinkanena zoona kuyambira pachiyambi. Ukapita kwanu kukakonza ndi abusa ako, n'kudikira kumeneko ngati mkazi weniweni, ine ndemwe ndidzabwera ku Mchinji kudzakuvinira. Sankha."

"Ndikapita, mwina sindibweranso."

"Ngati n'chikondi, chidzadikira."

"N'chapafupi kunena muli ndi pasipoti m'chikwama, achemwali."

Mawuwo anangotuluka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natembenuka kupita ku galimoto yawo.

* * *

Howard ndinam'peza pa siteji ya basi, manja ali m'matumba, maso ofiira. Sanabwere ndi galimoto, ati mutu sunali bwino woti n'kuyendetsa. Tinakhala pa benchi ya m'kanyumba ka magalasi. Kunja kunayamba kugwa timadontho tozizira, tosadziwika ngati ndi mvula kapena sinowo.

Ndinam'fotokozera zonse za mu ofesi. Anamvetsera osandidula.

"Nalakwa, Naomi. Sinizakana. Ninamvera mkwiyo m'malo momvera iwe."

"Kupepesa sikusaina pepala."

"Nidziwa." Anatulutsa foni. "Taona. Ku holo ya mzinda kuli malo Lachisanu la sabata ya mailo, ibwera iyi. Mboni ziwiri chabe. Tisaine, nipeleke mapepala okusponsa, tifunse loya mokhalira uku tidikira. Ukwati wa m'tchalitchi tizachita pambuyo, na chinkhoswe, na vonse. Akulu akhala kale pansi, ni bodza lanji pamenepa? Si ukwati wa mapepala. Ni ukwati wathu, taufulumizitsa chabe."

"Achemwali anu anali pageti."

"Anakamba chani?"

"Zomwe zija."

"Asiye Mathilda! Azakalipa chaka chimodzi, mwana akabadwa azaiwala. Ine sinifuna kukupelekeza ku eyapoti, Naomi. Sinifuna. Ukapita, nizakhala bwanji mu mzinda uno?"

Ndinayang'ana foni ija m'dzanja lake, kabokosi kobiriwira kosungitsira malowo kakudikira chala. Ndinaganiza za agogo amene ndimawasambitsa, za sukulu ya Mphatso, za Natalie akuseka pakwaya. Ndinaganiza za munthu ameneyu, wopupuluma, wouma mutu, amene anatumiza malume ake kuwoloka bodala chifukwa sanafune kuti anthu azinditcha wa m'galimoto.

"Lachisanu nthawi yanji?" ndinafunsa.

Asanayankhe, foni yanga inalira. Amayi. Kwathu anthu anali atagona kale, ndipo amayi saimba nthawi imeneyo popanda chifukwa. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndinangodina sipika.

"Naomi? Ukundimva?"

"Ndikumva, amayi."

"Tulo takana, mwana wanga. Amayi a chigwirizano asankha kale nsalu ya chinkhoswe, yobiriwira ya timaluwa. Malume ako akuti apereka mbuzi. Abusa akuti ukubwera mwezi uno usanathe, kudzaima kutsogolo. Tikakuchingamire liti ku Lumbadzi?"

"Sindinadziwe tsiku, amayi."

Amayi atalankhulanso, mawu anali otsika, ngati akuopa kudzutsa wina.

"Abusa anandiitana madzulo ano, ndekha, ku nyumba kwawo. Akuti ndinafulumira kuyamika. Akuti ana a kunja akapanikizika amangothamangira kwa a boma, kusaina ukwati ngati akugula njinga, mpingo osadziwa. Andiuza kuti akangomva kuti wachita zimenezo, ine ndivule yunifolomu, ndikhale kumbuyo ndi a chilango, chifukwa ndine ndinaimirira kutsogolo kuitanira mpingo ku ukwati umenewu."

Howard anatsitsa foni yake pang'onopang'ono mpaka pabondo.

Yunifolomu imeneyo amayi anaivala abambo asanamwalire. Ndi imene anavala pa maliro awo. Amaisita ndi makala Lachitatu lililonse, n'kuipachika pa msomali wakewake, ataiphimba ndi pulasitiki.

"Ndiye munawayankha chiyani, amayi?"

"Ndinaseka. Ndinati abusa, mwana wanga simukum'dziwa. Naomi sangandivule pamaso pa anthu."

Basi inafika, inatsegula chitseko. Dalaivala anatiyang'ana, anadikira, natseka. Tinatsala awiri pabenchi, kabokosi kobiriwira kaja kakuwalabe pabondo la Howard.

"Halo? Naomi, ulipo?" anatero amayi. "Tandiyankha, mwana wanga. Ndawanamiza abusa?"